Nyumba yakale ya pa esiteti: tigule kapena tileke?

Masabata apitawa takhala tikukambirana za kuyamwitsa ndi za ana okana phala, ndipo makalata anu pa nkhani imeneyi akadali mulu patebulo panga. Musadandaule, ndiwayankha. Lero ndatsogoza kalata ya mtundu wina chifukwa mwini wake akuti ndalama zikuyenera kuperekedwa mwezi uno usanathe. Yachokera cha ku Santhe m'boma la Kasungu. Ndaifupikitsa pang'ono ndipo dzina ndabisa monga mwa nthawi zonse.

"Amayi, ndine mayi wa zaka 29, ndili pabanja ndipo tili ndi ana atatu. Wamkulu ali Sitandade 3, wamng'ono akukwawa. Bambo a kunyumba amalima fodya ndi soya, ine ndine mphunzitsi wa kupulayimale. Kwa zaka zisanu takhala tikusunga ndalama zoti timangire nyumba yathu. Tsono kwapezeka nyumba yakale pa esiteti ina yomwe idasiya kulima kalekale. Akuti munkakhala manijala wachizungu nthawi ya atsamunda. Ili ndi zipinda zogona zinayi, khonde lozungulira, mitengo ya mango ndi chitsime pabwalo. Akugulitsayo ndi mwana wa malemu mwini esiteti, ndipo mtengo wake ndi wotsika kuposa kumanga yatsopano. Amuna anga akuti tigule msanga ena asanatiphangire, tigumule khoma lakutsogolo tiikepo golosale. Koma mkulu wina wa kumpingo watiuza kuti nyumba zoterezi boma lidazilemba m'kaundula wa zinthu zamakedzana ndipo suloledwa kukhomamo ngakhale msomali. Apongozi anga akazi nawo akukana, ati sangagone m'nyumba yosadziwika amene adaferamo. Ine nyumbayo ndaikonda koma mtima uli m'mwamba. Ndithandizeni."

Mwana wanga, zikomo kwambiri pondilembera. Ndiyambe ndi kukuuzani kuti simudalakwe kuikonda nyumbayo. Ine amene ndidakhalamo m'nyumba yotere zaka zisanu ndi chimodzi, nditangoyamba kumene unamwino pa chipatala china cha kumudzi. Makoma ake adali onenepa moti mwana wanga woyamba ankakhala pawindo bwinobwino, miyendo ili lendelende, n'kumadya chimanga chootcha. Mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, anzanga amene adapatsidwa nyumba zatsopano za denga lalifupi ankayala mphasa panja pamthunzi. Ine ndikachokera ku naiti ndinkagona tulo tofa nato masana onse. Amisiri akale ankadziwa kuti kuno kumatentha. Ankakweza denga m'mwamba, n'kuika siling'i, n'kuzunguliza khonde kuti dzuwa lisawombe khoma ndiponso mvula isalinyowetse.

Khonde limenelo ndi chipinda chinanso chaulere. Ana amasewerapo mvula ikugwa, mumayanikapo mphale, pakagwa zovuta kapena chinkhoswe anthu amakhalapo. Zitseko ndi mafelemu a nyumba zakalezi nthawi zambiri amakhala a mlombwa kapena mbawa, matabwa amene lero simungawapeze pokhapokha thumba lanu lili lakuya. Ndipo monga munthu wa chipatala ndionjezere ichi: udzudzu wa malungo umakonda kulowera pampata wa pakati pa khoma ndi denga. Nyumba ya siling'i yabwino ndi mawindo a waya imachepetsa udzudzu wolowa m'kati, ngakhale kuti kugona m'masikito sikusiyidwa.

Koma paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyeni tiung'ambe mkuyuwu tione.

Tiyambe ndi za mkulu wa kumpingo uja. Sadaname kwenikweni, kungoti wakulitsa nkhani. Lamulo lilipodi. Dzina lake ndi Monuments and Relics Act ndipo ndi la chaka cha 1990. Limapatsa nduna mphamvu yolengeza kuti nyumba, malo kapena chinthu chakuti ndi chotetezedwa chifukwa cha mbiri yake, ndipo chikatero, kuchigwetsa, kuchiononga kapena kuchisintha popanda chilolezo cha boma ndi mlandu. Zitsanzo mukuzidziwa. Nyumba ya Mandala ku Blantyre idamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes ndipo ilipo mpaka lero. Tchalitchi cha St Michael and All Angels mumzinda womwewo chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Ku Livingstonia kuli nyumba yamiyala ija munkakhala Dr Robert Laws. Kwanu ku Kasungu konko anthu amapita ku Mtunthama kukaona mtengo wa kachere umene Kamuzu Banda ankaphunzirapo ali mwana. Zimenezi ndiye zinthu za fuko lonse, ngakhale zitakhala pa malo a mpingo, a kampani kapena a munthu.

Tsono si nyumba iliyonse yakale imene ili m'gulu limeneli. Kukalamba ndi kutetezedwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ndipo ndikunong'onezeni: nyumba zambiri za m'maesiteti a ku Kasungu si za nthawi ya atsamunda monga ogulitsa amakondera kunena. Maesiteti adachuluka m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, nthawi ya Kamuzu, pamene makampani a Press Farming ndi General Farming komanso bungwe la KFCTA ankalima fodya m'madera amenewa. Masiku amenewo fodya wa bale ankalimidwa m'maesiteti mokha, munthu wamba ankalowamo ngati tenanti kapena waganyu. Kuyambira 1990 alimi ang'onoang'ono adayamba kuloledwa kulima bale m'minda yawo, ndipo m'zaka zotsatira maesiteti ambiri adafooka, ena adatsekeratu. N'chifukwa chake lero mukuyenda m'tchire mumangodzidzimuka mwatulukira pa nyumba yaikulu, mabalani akugwa pambali pake, pakhonde pagona mbuzi. Yanuyo ikhoza kukhaladi ya mzungu wakale. Ikhozanso kukhala yaing'ono kwa ine pa zaka.

Ndiye musadalire mawu a mkulu wa kumpingo, musadalirenso mawu a wogulitsa. Safunsa adadya phula. Jambulani nyumbayo mbali zonse ndi foni yanu, lembani dzina la esiteti, nambala ya lizi ndi mfumu ya deralo, mupite nazo kwa DC pa boma pa Kasungu komanso ku nthambi ya boma yoona za zinthu zamakedzana ndi zipilala ku Lilongwe, ija tinkaitcha Antiquities. Mufunse mafunso awiri: kodi nyumbayi ili m'kaundula wina aliyense wa nyumba zotetezedwa? Ngati ilimo, n'chiyani chimene tingasinthe ndipo n'chiyani chimene sitingakhudze? Yankho likhale lolembedwa, losainidwa, la chidindo. Za pakamwa ayi. Amene wakuyankhani pakamwa lero mawa amusamutsira ku Mzuzu, inu mutsala nokha ndi mlandu. Ulendo wa ku Lilongwe ndi wa makilomita pafupifupi 130 okha, thiransipoti yake ndi yochepa poyerekeza ndi ndalama za zaka zisanu.

Tinene kuti akuuzani kuti ilimo. Ubwino wake ulipo. Mudzakhala m'nyumba ya dzina, imene ana anu adzanyadira, ndipo aphunzitsi anzanu azidzabwera ndi ana asukulu kudzaiona. Nyumba zina zotere zimadzipezera zokha ndalama: ku Mandala anthu amapita kukamwa tiyi ndi khofi, kukaona zojambula ndi kukawerenga mabuku akale. Koma tinene chilungamo, Mandala ili pakati pa mzinda wa Blantyre. Kodi pa esiteti ya cha ku Santhe, msewu wake woterera Januwale yense, alendo olipira adzafika angati pa chaka?

Kuipa kwake ndi kwakuti nyumbayo idzakhala yanu papepala koma simudzakhala mfumu yake nokha. Golosale ya amuna anu ija iwalani. Kukulitsa windo, kuonjezera chipinda, kusintha denga, zonsezo mudzayamba mwapempha ndi kudikira. Ndipo musawerengere kuti poti boma laitcha ya fuko ndiye lizidzakugulirani malata. Denga likayamba kudontha usiku wa Januwale, wodzuka kukatchera beseni ndinu, wokwera padenga m'mawa ndi amuna anu. Tsiku lodzaigulitsanso ogula adzakhala ochepa, chifukwa Amalawi ambiri tikagula nyumba timafuna tiisinthe kuti anthu aone kuti mwalowa mwini watsopano.

Izi si za kuno kokha. Inu amene muli ndi abale ku Joni afunseni. Kumeneko lamulo la 1999 limati nyumba iliyonse yopitirira zaka 60 sugwetsa kapena kusintha popanda chilolezo, kaya ndi yotchuka kaya ayi. Ku England nyumba zolembedwa m'kaundula wotere zilipo zoposa 300,000, ndipo eni ake amayamba apempha ngakhale pofuna kusintha mawindo. Kumeneko anthu amagula akudziwa, ndipo ambiri mwa iwo ndi oti ndalama zokonzetsera ali nazo kale.

Komatu ine chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu si kaundula ayi. Ndi mawu akuti "mwana wa malemu". Mwana mmodzi? Ena ali kuti? Mayi awo ali moyo? Nanga malemuwo adali ndi nyumba imodzi? Eni maesiteti a nthawi imeneyo tikuwadziwa, ena adali ndi banja ku Kasungu, lina ku Lilongwe, lina kumudzi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana onse, ndipo munthu sangogulitsa katundu wa malemu chifukwa choti ndiye woyamba kubadwa kapena ndiye akusunga makiyi. Akuonetseni kalata ya kukhoti yomupatsa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiyecho, ndipo abale ake avomere molemba. Kupanda apo mudzangoona galimoto yaima pabwalo, mwatuluka mlongo wake wochokera ku UK ndi loya.

Lizi nayonso muione ndi maso anu. Malizi ambiri a maesiteti ang'onoang'ono adali a zaka 21. Inu ndinu mphunzitsi, werengani: lizi ya 1985 idatha 2006. Ngati sadaikonzenso, akukugulitsani chinthu chimene mwina sichilinso chawo. Kafufuzeni ku unduna wa za malo ngati lizi ili moyo, ngati palibe ngongole ya msonkho wa malo, ngati esitetiyo sidaikidwe chikole kubanki, komanso ngati n'zololedwa kudula chigawo cha nyumbayo pa esiteti yonse. Mupitenso kwa a nyakwawa ndi a gulupu. Maesiteti ambiri ogona anthu adalowamo kalekale n'kuyamba kulima, ena ndi ana a matenanti amene adabadwira pomwepo ndipo kwina kopita alibe. Mukufuna kuyamba moyo watsopano ndi mkangano wa malire? Zonse zikalongosoka, pa mapepala palembedwe maina awiri, lanu ndi la amuna anu. M'ndalama zimenezo muli malipiro anu a uphunzitsi. Ndaona amayi ambiri akulira pakhomo la mochale, osalira maliro okha koma podziwa kuti mawa achimwene a malemu abwera kudzatenga makiyi.

Tsopano ndilowe mbali imene ndikuidziwa bwino, ya thanzi la ana anu atatuwo, makamaka wokwawayo. Mwana wokwawa amayeza nyumba ndi pakamwa.

Yambani ndi kudenga. M'nyumba yanga ija, chaka chachitatu, siling'i ya chipinda cha ana idagwa usiku mvula itagwa masiku anayi. Mwamwayi ana adali atagona kwa ine. Chimene chidatsika ndi matabwawo chidali zitosi za mileme, mawilibala angapo, za zaka kaya zingati. Fungo lija ndinkaliyesa la nyumba yakale lidali limenelo. Zitosi za mileme zikauma zimasanduka fumbi, ndipo m'fumbi limenelo mumatha kukhala tizilombo toyambitsa matenda a m'mapapo ofanana kwambiri ndi TB: kutsokomola, kutentha thupi, kuonda. Amavuta kwambiri kwa makanda, okalamba ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chidatsika. Wokachotsa zitosizo ayambe wazinyowetsa ndi madzi, avale chotchinga mphuno ndi pakamwa ndi magolovesi, ana ndi amayi oyembekezera akhale kutali. Mukatha mutseke mipata yonse ndi waya madzulo mileme itatuluka, apo ayi ifera momwemo. Mleme ukaluma kapena kukanda mwana, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangani kuchipatala mukanene kuti ndi mleme, chifukwa cha chiwewe.

Yang'ananinso kuti denga ndi siling'i n'za chiyani. Nyumba zambiri za zaka zimenezo adafolera ndi malata otuwa aja, olemera, ooneka ngati simenti. Amenewo ndi asibesitosi. Akakhala athunthu osasweka sakhala ndi vuto lalikulu. Vuto limayamba mukawaboola, kuwacheka, kuwaswa kapena kuwakwecha ndi bulashi ya waya. Amatulutsa tiulusi tosaoneka ndi maso timene tikalowa m'mapapo sitituluka, ndipo patapita zaka 20, 30 kapena 40 timayambitsa khansa. Mwana amene wapuma fumbi limenelo lero adzadwala ali bambo wa ana ake, osadziwa n'komwe kumene adazitenga. Tsono taganizani amuna anu ndi anyamata aganyu atatu akugumula khoma ndi hamala, denga lili la mtundu umenewu, ana akuonerera. Zidutswa zake musazisandutse zotchingira khola la nkhuku kapena mafuwa ophikira, monga ndimaonera m'midzi ina.

Kenako penti. Penti wakale wamafuta, uja wonyezimira wa m'zitseko ndi m'mawindo, nthawi zambiri ankakhala ndi mtovu. Akayamba kusupuka amagwa tizidutswa, mwana wokwawa amatola n'kuika m'kamwa, kapena amaluma pawindo mano akamamera. Mtovu sumva kuwawa, mwana salira, ndiye kholo silidziwa. Umangoononga ubongo mwakachetechete: magazi amachepa, mwana amachedwa kuyankhula, akafika kusukulu mutu sugwira. Inu aphunzitsi mumati mwanayu ndi wogona, osadziwa kuti zidayambira pawindo. A bungwe la WHO amanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene tinganene kuti ndi wosaopsa. Choncho musakweche penti wakale ndi sandipepa pouma, musamuotchenso ndi moto. Nyowetsani, palani pang'onopang'ono ana ali kwa agogo awo, kolopani ndi nsanza yonyowa, mupake penti watsopano pamwamba. Pansi muzikolopa m'malo mosesa, ndipo manja a mwana azisambitsidwa asanadye.

Chinthu china chimene nyumba ya m'tauni ilibe koma ya pa esiteti ya fodya ili nacho ndi sitolo ya mankhwala. Zungulirani kuseri, m'mabalani, m'zigafa, m'kachipinda kokhomedwa kaja makiyi ake adasowa. Mudzapeza zitini zadzimbiri, mabotolo opanda zolemba, matumba a ufa wosadziwika. Kale pa nazale ya fodya ankafukiza ndi mankhwala a methyl bromide, amene dziko lino lidasiya kugwiritsa ntchito pofika 2005. Pophera chiswe m'maziko a nyumba ankathira dieldrin ndi aldrin, amene maiko adagwirizana zowaletsa mu 2001 chifukwa amakhala m'nthaka zaka zambirimbiri osatha mphamvu. Musatsegule, musanunkhize, musathire m'chimbudzi kapena kumtsinje, musatsuke chigubu kuti muzitungira madzi. Khomani chitseko mukauze alangizi a zaulimi. Masamba a ndiwo musadzale m'mphepete mwenimweni mwa khoma, ndipo nkhuku zisamapalase pamenepo. Ana amene ndidawalandirapo atamwa mankhwala a mbewu, ambiri adawapeza m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Zikachitika, musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena mafuta. Muvuleni zovala ngati zanyowa ndi mankhwalawo, mumusambitse, munyamule botolo lomwelo muthamangire kuchipatala.

Chitsime mwachitchula ngati chokoma, ndipo n'chokomadi, madzi pakhomo ndi chuma. Koma chili ndi chivundikiro cholimba choti mwana sangachisunthe? Chatalikirana bwanji ndi chimbudzi? Pafunika mamita osachepera 30, ndipo chimbudzi chikhale chakumunsi. Pa malo akale pamakhalanso maenje a zimbudzi zakale ndi matanki a suweji okwiririka, pamwamba pamera udzu, thabwa lake lidaola kale. Yendani pabwalo ponse ndi ndodo, mukugogoda. Madziwo alangizi a zaumoyo awaone, ndipo muzithira kolorini kapena kuwiritsa. Kolera wa 2022 ndi 2023 adatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sitidaiwale.

Za mawaya a magetsi ndingonena mwachidule: ngati alimo, ndi okalamba ndipo makoswe adawadya. Aonedwe ndi wamagetsi wa chiphaso musanayatse kalikonse. Chumuni cha pabalaza nachonso chisuzumireni musanakolezepo moto mwezi wa Juni, mumakhala zisa za mbalame kapena njuchi. Ndipo nyumba zazikuluzi zimazizira m'nyengo yachisanu, ndiye anthu amalowetsa mbaula ya makala kuchipinda n'kutseka mawindo. Mpweya wa makala ulibe fungo ndipo umapha anthu ali m'tulo. Mbaula igone panja.

Nanga ndalama zokonzetsera? Apa m'pamene mawu akuti "yotsika mtengo" amasanduka bodza. Pitani ndi mmisiri wachikulire, osati mnyamata amene adaphunzira ntchito pa mabuloko a simenti okha. Akwere kudenga ndi tochi ndi sikuludiraiva, azibaya mitanda ndi mapaso. Chiswe chimadya m'kati n'kusiya khungu, thabwa limaoneka lamoyo koma chala chimalowa. Ayang'ane ming'alu: wowongoka waung'ono si nkhani, koma woyenda ngati masitepe kuchokera pakona ya windo, wotseguka kumwamba, ukutanthauza kuti maziko akutsika. Makoma ambiri akale adamangidwa ndi njerwa ndi dothi n'kupakidwa laimu, ndiye chinyezi chimalowa n'kutulukanso. Mukawamata pulasitala wa simenti yolimba ndi penti wamafuta, madzi amatsekeredwa m'kati, njerwa zimafumbutuka, chuku chimamera kuseri kwa kabati, mwana wa mphumu sagona. Ndipo khoma lakutsogolo limene amuna anu akufuna kugumulalo likhoza kukhala lomwe lasenza denga lonse. Mmisiriyo akulembereni mtengo wa zonse, muuphatikize ndi mtengo wogulira, ndiye muyerekeze ndi kumanga yatsopano. Muikeponso ina yapadera, chifukwa mudaona mmene simenti ndi malata zidakwerera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Denga la nyumba ya khonde lozungulira limadya malata ochuluka kuposa a nyumba wamba ya zipinda zomwezo.

Za apongozi anu musaziseke. Ine ndagwira ntchito m'mawodi momwe bedi lililonse lidaferapo munthu, ndipo mawa lake tinkagonekapo wina n'kuchira, choncho zoti nyumba idafera anthu sizindiopsa. Koma mantha a munthu wamkulu sathetsedwa ndi kumuseka, ndipo nthawi zina pansi pa mawu otere pamakhala nkhani yeniyeni imene iwo adamva kwa anzawo. Afunseni bwinobwino chimene akudziwa. Afunseninso akuluakulu a m'mudzi woyandikana ngati pa malopo pali manda, chifukwa m'maesiteti ambiri mudaikidwa matenanti ndi ana awo amene kwawo kudali kutali, ku Mulanje, ku Thyolo kapena ku Mangochi. Funsaninso ngati kankhalango kapafupi si dambwe. Zimenezi ndi bwino kuzidziwa musanatume anyamata kukadula mitengo. Ngati mapemphero a abusa angawakhazike mtima pansi mayi anuwo, aitaneni abusa, palibe chimene mutaye.

Ndiye mukuti ndikuuzeni chiyani, mugule kapena muleke? Maganizo anga ndi awa. Mwezi uno musapereke ndalama, ngakhale ya chikole. Wogulitsa akamati fulumirani ena akubwera, dzifunseni kuti nyumba imene yakhala zaka zonsezi mukugona mbuzi yayamba liti kuthamangiridwa. Mupempheni kuti mukhalemo pa lendi dzinja limodzi, kuyambira Novembala mpaka Epulo, mutagwirizana molemba kuti mukadzagula, lendiyo idzachotsedwa pa mtengo. Musanalowetse ana, chotsani zitosi, khomani sitolo ya mankhwala, vundikirani chitsime. Dzinja lidzakuonetsani zonse zimene wogulitsa sanganene: podontha, khoma lonyowa, msewu wopita kuchipatala mwana akatentha thupi pakati pa usiku, mtunda wopita kusukulu kwanu pa njinga m'matope. Miyezi imeneyo ndi yokwanira kuti mayankho a ku Lilongwe ndi a ku unduna wa za malo abwere. Wogulitsa wa mapepala abwino sangakane zimenezi, chifukwa akulandira lendi pa nyumba imene sinkamupatsa kanthu. Akakana, mwadziwa.

Zikadzapezeka kuti nyumbayo ndi yotetezedwadi, ine ndingati banja la ana atatu aang'ono, lodalira fodya ndi malipiro a uphunzitsi, liisiye. Imeneyo imafuna munthu woikonda mmene iliri, wokhala ndi ndalama zapadera chaka ndi chaka. Ikapezeka kuti ndi yakale chabe, mapepala ali bwino, mitanda ili yamoyo, gulani ndithu, ndipo ndidzabwera kudzadya mango pakhondepo.

Kwa inu bambo, poti ndikudziwa kuti tsamba lino abambo mumaliwerenga mobisa: maganizo a golosale ndi abwino, fodya yekha sadalirika masiku ano. Koma imangeni payokha kumsewu, kachipinda kamodzi ka njerwa, pamene anthu amadutsa. Khoma la nyumba lisiyeni. Ndipo ku Lilongwe mupite nonse awiri, asapite mayi okha kenako inu n'kumati adamva molakwa.

Mwana wanga, mudzandilemberenso mu Epulo, msika wa ku Chinkhoma ukamatsegulidwa, mundiuze mabeseni angati mudatchera. Sabata yamawa tibwerera ku nkhani ya ana okana phala, ndipo ndiyamba ndi kalata ya mayi wa mapasa wa ku Nkhamenya.

Ndine wanu,
Namwino wopuma